Kuwala Kumene Kumakana Kusankha Mbali

Ku Down Shops kapena pa msika wa Kapata mungagule tinthu tiwiri timene, mutatifunsa kuti kuwala n'chiyani, tingakupatseni umboni wotsutsana. Koyamba ndi kasola kotchajira foni, kamene kachuluka m'makomboni mwathu kuchokera pa chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba magetsi n'kuyamba kuthima maola ambirimbiri. Kachiwiri ndi ka laser kofiira kopachika ku makiyi, kamene ana amalozerana nako usiku. Kasola kamatulutsa magetsi chifukwa kuwala kumafika m'timibulu, kam'bulu kalikonse ndi mphamvu yakeyake. Ka laser, mukadziwa kukagwiritsa ntchito, kamakulemberani pakhoma kuti kuwala ndi mafunde. Palibe kamene kakunama.

Ndinaphunzira fizikisi ku UNZA ndipo ndimaiphunzitsa kuno ku Chipata. Nkhani imeneyi ndaifotokozapo kwa ana asukulu, kwa aphunzitsi anzanga, ngakhale kwa anthu amene tinangokhalira mpando umodzi m'basi ya ku Lusaka, ndipo kumapeto funso limakhala lomwelo: nanga chenicheni ndi chiti? Yankho lake ndifikako. Koma kakanganidwe ka anthu amene analimbana ndi funsoli ndi kamene kanandiumba kwambiri, ndiye mundilole ndikhalitsepo.

Yambani ndi tsitsi. Zulani limodzi, mulikoke liwongoke, mulimate ndi selotepi pa katoni imene mwaibowola pakati. Lowani m'chipinda chamdima, imani mamita 2 kuchokera kukhoma, muwalitse laser pa tsitsilo, koma osaloza m'maso mwa munthu. Mukuyembekeza kuona kadontho kofiira kodulidwa pakati ndi kamthunzi ka tsitsi. Zimene zimaoneka ndi mndandanda wa timadontho tofalikira uku ndi uku mopingasa tsitsilo: powala, pamdima, powala, pamdima. Funde la laser yofiira ndi lotalika pafupifupi mananomita 650 (milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000), ndipo ngati tsitsi lanu ndi lonenepa mamilimita 0.07, timadonthoto timatalikirana pafupifupi masentimita 2. Tsitsi likakhala lowonda kuposa apo, timatalikirana kwambiri. Choncho mwana wa giredi 10 angathe kuyeza kunenepa kwa tsitsi lake ndi rula wamba, chinthu chimene rulayo payokha singachione.

Mdimawo umachokera kuti? Kuwala kumadutsa mbali zonse ziwiri za tsitsi, kenako n'kukakumana kutsogolo. Amene anaseweerapo pa damu la Lutembwe akudziwa zimene zimachitika ukaponya miyala iwiri pamadzi odekha. Mafunde ochokera uku akakumana ndi ochokera uko, pena msana wa funde umakwera pa msana unzake madzi n'kutumphuka kwambiri, pena msana umagwera m'chigwa cha funde linzake madzi n'kungoti zii ngati palibe chaponyedwa. Pamdima paja ndi pamene kuwala kwakumana ndi kuwala kunzake n'kufafanizana. Timibulu sitingatero. Mukathira timibulu pamwamba pa timibulu tina, timangochuluka.

Komabe kwa zaka pafupifupi 100 anthu ophunzira ambiri, makamaka ku England, anali kumbali ya timibulu, chifukwa ndi kumene Isaac Newton anatsamira m'buku lake la 1704. Christiaan Huygens wa ku Netherlands anali atanena kale mu 1690 kuti kuwala ndi mafunde, koma dzina la Newton linali lolemera. Thomas Young, dokotala wa ku London, atafotokoza ku bungwe la asayansi la Royal Society mu 1803 za mizere yowala ndi yamdima imene anaiona pogawa kuwala kwa dzuwa ndi kakhadi kopyapyala, sanamuombere m'manja. Henry Brougham anamunyoza m'magazini ya Edinburgh Review, ndipo chipongwecho chinafika kwa anthu ambiri kuposa yankho la Young. Ife timati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo kawirikawiri zimaterodi. Kungoti mawu a mkulu amathanso kugonetsa anthu.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya ku Paris. Mu 1818 Augustin Fresnel, injiniya wa misewu, anatumiza masamu ake a mafunde ku mpikisano wa bungwe la asayansi la ku France. Mmodzi mwa oweruza anali Siméon Poisson, katswiri wa masamu wa kumbali ya timibulu. Poisson sanangokana ndi pakamwa. Anatenga masamu a mnzakeyo n'kuwalondola mpaka kumene Fresnel mwini sanafike, ndipo anapeza kuti ngati kuwala ndi mafunde, pakatikati penipeni pa mthunzi wa chinthu chozungulira payenera kukhala kadontho kowala. Kwa iye umenewu unali umboni woti masamuwo ndi opusa. Ndani anaonapo kuwala pamtima pa mthunzi? François Arago, yemwe analinso pakati pa oweruzawo, anapita kukayesa ndi kachitsulo kozungulira ka mamilimita 2. Kadonthoko kanalipo. Fresnel analandira mphoto, ndipo mpaka lero ambiri amakatcha kadontho ka Poisson, dzina la munthu amene ankafuna kuphera nako nkhaniyo.

Ine ndimaona kuti Poisson anathandiza mafunde kuposa onse amene ankavomereza Fresnel. Wovomereza amangogwedeza mutu. Wotsutsa amene wakhala pansi n'kuwerenga ntchito yako amakulozera malo enieni pamene ingathyokere, ndipo pamenepo ndi pamene pamafunika kukayesa.

M'zaka za m'ma 1860 James Clerk Maxwell anaonetsa kuti kuwala ndi funde la magetsi ndi maginito, loyenda pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo mu 1887 Heinrich Hertz anali kupanga mafunde oterowo mu labu yake ku Karlsruhe. Mlandu unaoneka kuti watha. Koma m'chaka chomwecho, pa zipangizo zomwezo, Hertz anaona kanthu kachilendo: kamoto ka magetsi kankadumpha mosavuta chitsulo chikawalitsidwa ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa ultraviolet. Anazilemba, n'kubwerera ku mafunde ake.

Kachilendo kameneka kali pachibale ndi sola ya padenga panu. Tengani simbi yositira zovala yotentha kwambiri, muiyandikize ku sola usiku, osaikhudzitsa. Dzanja lanu limva kutentha lili patali, chifukwa simbiyo ikutulutsa mphamvu yambiri m'kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Solayo situlutsa kanthu. Koma katochi kofooka, kamene dzanja silingakamve n'komwe, kamaitulutsitsa magetsi pang'ono ndithu. Kuwala kukanakhala mafunde okhaokha, mphamvu ya simbi ija ikanaunjikana pang'onopang'ono mpaka kukwana. Sizitero ayi. Silicon imene amapangira sola imafuna kuti kam'bulu kamodzi kabwere ndi mphamvu yokwanira kumasula elekitironi imodzi, kanthu kakang'ono zedi konyamula magetsi, ndipo kuwala kumene funde lake ndi lotalika kuposa mananomita pafupifupi 1,100 kulibe timibulu totero. Ngakhale tibwere mamiliyoni, tofooka ndi tofooka basi. N'chifukwa chakenso wojambula X-ray kuchipatala amabisala kuseri kwa khoma akamakujambulani, chonsecho palibe amene amabisalira babu la m'nyumba. Kam'bulu kamodzi ka X-ray kamaposa ka kuwala kooneka maulendo masauzande, moti kamatha kuthyola zinthu za m'kati mwa maselo a thupi.

Amene analimba mtima kunena zimenezi anali Albert Einstein mu 1905, ali ndi zaka 26, akugwira ntchito mu ofesi yoona za ma patent (zikalata za umwini wa zinthu zotulukiridwa kumene) ku Bern. Max Planck anali atagwiritsa kale ntchito timagawo ta mphamvu mu 1900 pofotokoza kuwala kwa zinthu zotentha, koma Einstein anapita patsogolo: kuwalako kumayenda kuli timagawo. Ovomereza anali ochepa zedi. Mu 1913, polemba kalata yoti Einstein alandiridwe m'bungwe la asayansi ku Berlin, Planck ndi anzake anachita kupempha kuti asamuweruze kwambiri chifukwa cha ganizo limeneli, ngati kuti ndi chibwana cha munthu wanzeru.

Apa panabweranso Poisson wina. Robert Millikan wa ku Chicago sanalikonde ganizoli, ndipo anatha zaka pafupifupi 10 akuliyesa. Ankapala zitsulo m'kati mwa botolo lopanda mpweya kuti zikhale zoyera, n'kumayeza mphamvu ya ma elekitironi otuluka pa mtundu uliwonse wa kuwala. Zimene anafalitsa mu 1916 zinagwirizana ndi masamu a Einstein ndendende. Chimene ndimamulemekezera n'chakuti analemba zimene anapeza, uku akunenabe poyera kuti za timibuluzo sakuzikhulupirira. Mtima unali kwina, manambala kwina, ndipo sanakhotetse manambala kuti atsate mtima. Mphoto ya Nobel ya 1921 imene Einstein analandira inatchula lamulo limeneli, osati relativity imene anthu amamudziwira. Millikan analandira yake ya 1923.

Wina angati ndiye kuti mawu a Newton agonera ndipo akoma. Pang'ono chabe. Mphamvu ya kam'bulu ka Einstein, kamene kuyambira 1926 timakatcha fotoni, imawerengedwa kuchokera ku kuchuluka kwa mafunde pa sekondi. Simungathe kukafotokoza popanda kutchula funde.

Mu 1924 Louis de Broglie, polemba kafukufuku wa digiri yake ku Paris, anatembenuza funso. Ngati kuwala kumene tinkati ndi funde kuli ndi khalidwe la kam'bulu, bwanji elekitironi imene timati ndi kam'bulu isakhale ndi khalidwe la funde? Umboni unabwera mwangozi. Ku labu ya Bell ku New York, Clinton Davisson ndi Lester Germer ankawombera ma elekitironi pa kachitsulo ka nickel. Mu 1925 zipangizo zawo zinasweka, mpweya n'kulowa, kachitsuloko n'kuipa. Pokatenthetsa kuti kayere, maatomu ake anadzindanditsa bwinobwino m'mizere, ndipo pofika 1927 ma elekitironi obwerera kuchokera pamenepo ankaunjikana kwina, kwina n'kuchepa, monga mafunde amachitira. Chaka chomwecho ku Aberdeen, George Paget Thomson anapeza zofananazo. Bambo ake, J. J. Thomson, ndi amene anatulukira elekitironi mu 1897 ngati kam'bulu, ndipo analandira Nobel mu 1906. Mwana analandira yake mu 1937, pamodzi ndi Davisson, poonetsa kuti kam'bulu ka bambo akeko kamayenda ngati funde, bambowo ali moyo. Kwathu kuno mwana wotero akanaitanidwa kubwalo.

Lamulo la de Broglie limakhudza chinthu chilichonse, kungoti chikamalemera funde lake limafupika. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 loyenda mita imodzi pa sekondi lili ndi funde lake, koma kuti mulembe kutalika kwake m'mamita muyenera kuika maziro 34 pambuyo pa kadontho musanalembe nambala yoyamba. N'chifukwa chake palibe amene anaonapo thumba likulowera makomo awiri nthawi imodzi, monga funde limadutsira mbali zonse ziwiri za tsitsi.

Tsopano pamene pali fupa. Mu 1989 Akira Tonomura ndi anzake ku kampani ya Hitachi, ku Japan, anatumiza ma elekitironi motalikirana kwambiri moti imodzi inkafika inzake isananyamuke. Panjira panali kawaya kowonda kogawa njirayo pawiri. Elekitironi iliyonse inkafika pa sikirini ngati kadontho kamodzi kathunthu, osati theka uku theka uko. Madontho oyamba ankaoneka ongomwazika. Atakwana masauzande ambiri, mizere inatulukira, yowala ndi yamdima. Iliyonse inayenda yokha. Nanga inafafanizana ndi ndani? Pogwiritsa ntchito kuwala, G. I. Taylor anali atayesa zofananako mu 1909 ku Cambridge: anachepetsa kuwala kwambiri, n'kusiya mthunzi wa singano ukujambulika kwa miyezi pafupifupi itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mizere inaoneka chimodzimodzi.

Max Born mu 1926 ndi amene anapereka kamasulidwe kamene timagwiritsa ntchito mpaka lero. Funde la m'masamu a Erwin Schrödinger, ofotokoza kayendedwe ka elekitironi, silinena kuti elekitironi yasungunuka n'kufalikira. Limanena mwayi woipeza pamalo akutiakuti. Masamu amakuuzani molondola pamene mizere idzakhale, koma sakuuzani pamene kadontho kotsatira kadzagwere. Ndipo mukaika chida chodziwira kuti elekitironi yadzera mbali iti ya kawaya, mudzadziwadi mbaliyo, koma mizere imasowa.

Tsiku lina kumudzi ku Katete, nditafotokoza zimenezi, amalume anandifunsa kuti, “Mphwanga, ndiye kuti inu asayansi mwaphunzira zaka zonsezi koma simudziwa chimene chimawala m'babu?” Ndinati, “Amalume, tikudziwa zimene chidzachite, mpaka pa nambala. Chatikanika ndi kuchijambula m'mutu.” Iwo anaseka, amvekere, “Amenewo ndi mayankhidwe a munthu wogwidwa.”

Sindinagwidwe, ndipo yankho langa pa funso lija la chenicheni ndi lomwelo. Funde ndi kam'bulu ndi zithunzi zimene tinatola ku zinthu za msinkhu wathu, zimene timaona ndi kugwira. Elekitironi sinalonjeze kuti idzafanana ndi chimodzi mwa izo. Imayenda motsata masamu a mafunde, imafika ngati kadontho, ndipo imatero nthawi zonse mosaphonya. Mphamvu ya maginito ya elekitironi inawerengedwa papepala, inayezedwanso mu labu, ndipo ziwirizi zimagwirizana mpaka manambala 10 ndi kupitirira. Transistor ya 1947, kachipangizo kowongolera magetsi, imene zidzukulu zake zadzaza mufoni yanu, inachokera m'kumvetsa mmene mafunde a ma elekitironi amakhalira m'zinthu zolimba. Maikulosikopu ya ma elekitironi imene Ernst Ruska anayamba kupanga mu 1931 imaona mavairasi chifukwa funde la elekitironi ndi lalifupi kwambiri kuposa la kuwala. Munthu wosadziwa kanthu sangapange zimenezi.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi anthu amene asandutsa mpata umenewu msika. Mwina munawaonapo, ali ndi laputopu ndi kachitsulo kogwira m'manja, akuti makina a “quantum” oyeza matenda onse a m'thupi m'mphindi zochepa, pambali pali mabotolo a mankhwala ogulitsa. Fizikisi ya quantum, imene ndi ya timibulu ndi mafunde tikukambayi, ilibe gawo pamenepo. Wodwala apite kuchipatala akamuyeze magazi. Ena ndi a pa Facebook ndi WhatsApp amene amati sayansi yatsimikiza kuti maganizo a munthu amasintha zinthu, poti elekitironi imasintha khalidwe ikaonedwa. Kuona kumene tikunena si kwa diso kapena kwa mtima. Ndi kukhudzana kulikonse kumene kumasiya chizindikiro cha njira imene chinthu chadzera. Ku Vienna mu 1999, Markus Arndt, Anton Zeilinger ndi anzawo anaonetsa mizere ija ndi mamolekyu a maatomu 60 a kaboni. Mu 2004 anatenthetsa mamolekyu a maatomu 70 mpaka anayamba kutulutsa kuwala kwawokwawo ali panjira. Kuwala kumeneko kunkaulula pamene molekyu ili, ndipo kutentha kukamakwera mizere inkazimiririka. Panalibe munthu woyang'ana njirayo kapena woiganizira.

Kusukulu vuto ndi lina. Mwana amafuna yankho limodzi loti aloweze, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa mayeso amalipira yankho limodzi ndipo makolo agulitsa nshawa ndi fodya kuti iye akhoze. Timamupatsa yankholo. Koma ndikakhala ndi mpata ndimamufunsa kuti, “Iwe, ukuti kuwala ndi mafunde. Ungaone chiyani kuti usiye kunena zimenezo?” Poyamba amaganiza kuti ndi msampha. Anazolowera kuti mphunzitsi akafunsanso ndiye kuti yankho linali lolakwika. Ena amafulumira kusintha yankho, ndipo amenewo ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Amene amakhala chete kwakanthawi, kenako n'kunena kuti, “Aphunzitsi, mwina timadontho tamdima tija tikanapanda kuoneka,” ameneyo wayamba ntchito ya fizikisi, ngakhale asanagwire chida chilichonse chodula. Ndi mtima womwewo umene uli ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi kuno ku Chipata, kumene mbewu yatsopano ya nshawa imadzalidwa pafupi ndi yakale m'mapuloti ofanana, kuti ngati ilibe phindu ionekere poyera. Sizifuna labu ya ku Ulaya kuti munthu aphunzire kufunsa chonchi. Zimafuna mphunzitsi amene sakwiya mwana akamutsutsa ndi umboni, ndipo amenewo tikadali ochepa.

Asayansi eniakewo sanagwirizane mpaka pano za chimene masamuwa akutanthauza. Niels Bohr mu 1927 anati zithunzi ziwirizi ndi zokwaniritsana: mmene mwakonzera zida zanu ndi mmene mumasankhira chimene chidzaoneke, ndipo simungaone zonse ziwiri mokwanira nthawi imodzi. Einstein, yemwe anayambitsa nkhani ya fotoni, sanakhutire, ndipo anakangana ndi Bohr pa msonkhano wa Solvay ku Brussels chaka chomwecho ndi kwa zaka zambiri pambuyo pake. David Bohm mu 1952 anati kam'bulu kalipodi ndipo kali ndi njira imodzi, koma kamatsogoleredwa ndi funde. Hugh Everett mu 1957 anati zotheka zonse zimachitika, m'nthambi zosiyana. Pa kuyesa kwa Tonomura onsewa amalosera mizere yofanana, choncho mkangano wawo, ngakhale umandikoka, sindiuika patsogolo. Amene amandisangalatsa kwambiri ndi amene maganizo awo angathe kugwa. Roger Penrose, mwachitsanzo, amaganiza kuti chinthu chikafika pa kulemera kwinakwake, khalidwe la funde liyenera kutha lokha chifukwa cha mphamvu yokoka, ngakhale popanda chochisokoneza. Ngati akunena zoona, masamu a Schrödinger ali ndi malire, ndipo malirewo angapezeke poyesa.

N'chifukwa chake anthu a ku Vienna aja akupitiriza kuwonjezera kulemera. Mu 2019 gulu la Arndt linatumiza mamolekyu a maatomu pafupifupi 2,000, ndipo mizere inaonekabe. Mutandifunsa ine, ndingati idzaonekabe ngakhale pa zinthu zolemera kuposa pamenepo. Komatu Poisson nayenso anali wotsimikiza ndi masamu ake.